Kafukufuku wa Kawedzedwe ka Walleye pa Mtsinje wa Detroit, Wochitidwa ndi Munthu wa Kumapiri

Nsomba imene anthu a ku United States ndi Canada amaitcha walleye, yomwe akatswiri a zamoyo amailemba m'mabuku awo kuti Sander vitreus, ndi nsomba ya m'madzi opanda mchere, yaitali thupi, yachikasu mosakanikirana ndi kubiriwira, yokhala ndi mano akuthwa ndi minga pamsana, ndipo dzina lakelo linachokera ku maso ake, amene masana amaoneka otuwa ngati a munthu wa ng'ala koma usiku amanyezimira akawalitsidwa ndi tochi monga amachitira maso a mphaka. Kunyezimirako kumadza chifukwa cha kachikopa kotchedwa tapetum lucidum, kamene kali kuseri kwa diso ndipo kamabweza kuwala kuti kudutse m'disomo kachiwiri, motero nsombayi imaona bwino mumdima ndi m'madzi amatope, pamene tinsomba timene imadya tikungopapasa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga, pakuti ikutanthauza kuti walleye ikakumana ndi mlembi wa nkhani ino, amene kuyambira pano adzitchedwa wofufuza, mmodzi yekha mwa awiriwa ndiye amaona zimene zikuchitika, ndipo ameneyo si wofufuza.

Chaka chilichonse m'miyezi ya Marichi ndi Epulo, madzi oundana akasweka ndipo kutentha kwa madzi kukafika pakati pa madigiri 6 ndi 10, walleye zosawerengeka zimachoka m'nyanja ya Erie n'kulowa m'mitsinje kukaikira mazira pamiyala. Pa mtsinje wa Maumee ku Ohio asodzi amazichingamira ataimirira m'madzi ofika m'chiuno, atandanda ngati anthu odikira ubatizo, koma pa mtsinje wa Detroit, umene ndi wakuya ndi wothamanga, pamafunika boti. Mtsinjewu ndi wautali pafupifupi makilomita 45, umatenga madzi a m'nyanja ya St. Clair kukawathira mu Erie, ndipo ndiwo malire a Michigan ndi Ontario. Eni dziko amaitcha nyengo imeneyi spring, kutanthauza kuti chisanu chatha, koma mawuwa ayenera kumvedwa mosamala, chifukwa tsiku limene iwo amati kwafunda n'kuyamba kuvula majekete ndi tsiku limene munthu wa ku Dedza, wodzitama kuti anakulira m'mphepo ya mu Juni, angaitanitse abale kuti awauze kagawidwe ka katundu wake.

Chimene chinafikitsa wofufuza pamadzi amenewa ndi pakamwa pake. Pa zaka zimene wakhala akugwira ntchito ya usiku kufupi ndi mzinda wa Detroit, wakhala akuuza aliyense womufunsa za kwawo kuti amachokera ku dziko la nyanja imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, zimene ndi zoona, koma wakhala akuiwala kuwonjezera kuti iye anakulira pakati pa minda ya mbatatesi, kumene nsomba inkafika itauma kale, ili mu dengu kumbuyo kwa njinga, ndiponso kuti nyanjayo anaiona koyamba pa ulendo wa sukulu, ndipo atafika anakana kuvula nsapato. Mkulu wina woyandikana naye nyumba, amene anapuma ntchito ku fakitale ya magalimoto ndipo ali ndi kaboti ka aluminiyamu, anamva mbiri ya nyanjayo katatu konse, n'kuganiza kuti Mulungu wamutumizira katswiri. Walira mvula walira matope, ndipo wofufuza anapezeka pa doko cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, atavala mathalauzi atatu.

Mawu akuti trolling amatanthauza kuwedza mokoka nyambo kumbuyo kwa boti limene likuyenda, kusiyana ndi kuwedza kwa munthu wokhala pamwala amene amadikira kuti nsomba imupeze. Pamtsinje boti limaloza kumtunda, kulimbana ndi madzi, ndipo limayenda mwina makilomita 2 pa ola, liwiro limene gogo wosenza thumba la chimanga popita kuchigayo angalipitirire n'kukhalabe ndi nthawi yopereka moni, ndipo chifukwa chake n'chakuti m'madzi ozizira nsomba imakhala yaulesi, imamatirira pansi kuseri kwa miyala kumene madzi sakoka kwambiri, ndipo siifuna kuthamangitsa chakudya. Ku Detroit kuli mtundu wina wakale wa trolling wotchedwa handlining, ndiko kuwedza ndi dzanja popanda ndodo. M'mbali mwa boti amamangirira chokulungira waya chokhala ndi sipuling'i, chimene chimadzikulunga chokha waya akakhwefuka, ndipo asodzi akale ankachipanga pogwiritsa ntchito makina a magalamafoni opukusa, aja a Victrola. Kunsonga kwa waya amamangako chitsulo cholemera pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo pamwamba pake pamachokera zingwe ziwiri kapena zitatu zotalika mosiyana, china mamita 2, china 6, china mpaka 12, chilichonse chili ndi kansomba kabodza kokhala ndi mbedza. Ntchito ya msodzi ndi kugwira wayayo pa chala n'kumanyamula ndi kutsitsa chitsulocho, kuti chizigunda pansi pa mtsinje kamodzikamodzi popanda kukwekwereka, ndipo kuti chala chisachekeke ena amachiveka kamphira kodulidwa ku chubu cha njinga, chipangizo chokhacho m'boti lonse chimene wofufuza anachizindikira, ndipo anachiyang'ana mwachikondi ngati wakumana ndi munthu wa kwawo.

Tinsomba tabodzato tili ndi mbiri yake. Tambiri timatengera kamene msodzi wina wosauka wa ku Finland, Lauri Rapala, anasema mu 1936 kuchokera ku khungwa lopepuka la cork n'kukakuta ndi kapepala konyezimira kokulungira chokoleti, ataona kuti nsomba zazikulu zimasiya gulu lonse n'kusankha kansomba kamene kakusambira motsimphina. Nzeru yonse ya nyamboyi, choncho, ili pa kunamizira kudwala, luso limene wofufuza anali nalo kwambiri masiku a mayeso a masamu, ndipo anayembekezera kuti iye ndi nyambo adzamvana. Kamodzi kamagulidwa pafupifupi madola 10, pamene Rapala anayambira pa pepala lotayidwa, ndipo mitundu yake ili ndi mayina, monga firetiger ndi clown. Dzina lachiwirili limatanthauza munthu woseketsa anthu pa zionetsero, wopaka utoto kumaso, ndipo wogulitsa m'sitolo, atamva mafunso atatu a wofufuza, anamusankhira mtundu umenewu mosazengereza.

Malinga ndi chiphunzitso cha mkulu wa boti, dzanja lophunzira limasiyanitsa kugunda kwa chitsulo pamwala, kumene kumakhala kwakufupi ndi kouma, kulemera kwa udzu kapena jumbo, kumene kumabwera pang'onopang'ono ndipo kulibe moyo, ndi kukoka kwa nsomba, kumene m'madzi ozizira sikukhala kwamphamvu koma kumamveka ngati mwana wagwira malaya a munthu kumbuyo. Dzanja la wofufuza, litagwira waya wonyowa kwa mphindi 20, linkamva chinthu chimodzi chokha, ndicho kuzizira, ndipo zina zonse ankazipeka. Kanayi konse anakuwa kuti nsomba yagwira. Ulendo woyamba unali mwala, umene unatsala ndi chitsulo pamodzi ndi ma clown awiri. Wachiwiri inali nthambi. Wachitatu linali golovesi la munthu wina, lopanda mwini wake. Ndipo wachinayi anakoka mwamphamvu kwa nthawi yaitali, nsombayo ikukokanso mwamphamvu chimodzimodzi, mpaka zinadziwika kuti kumbali inayo kunali mkulu wa boti, popeza zingwe zawo zinali zitakolana pansi pa boti. Apa m'pofunika kufotokoza kuti chokulungira chija chimakulunga waya yekha, ndipo zingwe zazitalizo msodzi amazikoka ndi manja n'kuziunjika mosamala pansi m'boti, pamene palibe woyenera kupondapo. Wofufuza anapondapo, anatembenuka kuti apepese, n'kupondaponso ndi phazi linalo, ndipo chimene chinatsala chinkafanana ndi chiyangoyango cha maungu kumapeto kwa dzinja. Pa ngozi iliyonse mkuluyo ankangoti zimachitika, koma mawuwo ankafupika ulendo uliwonse, mpaka pomaliza anangotsala mpweya wotuluka m'mphuno.

Pamene mkuluyo ankamasula mfundo, anapatsa wofufuza chiwongolero cha injini n'kumuuza kuti aloze mphuno ya boti kumtunda basi. Mtsinje wa Detroit ndi njira ya sitima zikuluzikulu zonyamula miyala ya chitsulo ndi katundu wina, zina zotalika mamita 300, zimene sizingapatukire kaboti, ndipo malire a mayiko awiri amadutsa m'madzi popanda mpanda kapena chikwangwani, ngakhale kuti chiphaso chowedzera cha Michigan sichigwira ntchito m'madzi a Ontario. Pothawa sitima imene inali ikadali kutali ngati phiri la Dedza likamaonekera ku Linthipe, wofufuza analoza ku nyumba za mzinda wa Windsor, ndipo munthu amene anadikira zaka kuti alandire chitupa cholowera m'dziko limodzi anatsala pang'ono kulowa m'dziko lachiwiri kwaulere, m'mawa wa Loweruka, ali ndi golovesi la eni ake m'manja.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sananene kuti kudekhako kungachokere ku manyazi. Dzuwa litatuluka, waya wa wofufuza unalemeranso, ndipo iye, pokumbukira zinayi zija, anaganiza zokhala chete n'kupitiriza kudya buledi wake, ndipo atafunsidwa chifukwa chimene dzanja lake linkagwedezekera anayankha mwaukatswiri kuti ndi mwala. Mwalawo, mkulu wa boti ataukoka ndi kuuwola ndi ukonde, unapezeka kuti ndi walleye yaikazi ya makilogalamu 4, mimba ili tcha ndi mazira. Wofufuza anaiona ili mu poto, mutu wake uli pa mbale yake, mchira akuupatsa mwana wamng'ono, ndipo anali atayamba kuganizira za tomato pamene mkuluyo anamujambula nayo chithunzi, n'kuitenga mwaulemu, n'kuibweza m'madzi. Ndi mwambo wa asodzi ambiri a kumeneko kubweza zazikazi zikuluzikulu pa nyengo yoswana, popeza imodzi imatha kunyamula mazira oposa 100,000, n'kusunga zazimuna zocheperako, zimene amati ndizonso zokoma. Wofufuza amavomereza kuti mwambowu ndi wanzeru, ndipo aliyense wodziwa mmene chambo chachepera angauyamikire, koma mtima wake pa mphindi imeneyo sunali pa zidzukulu za nsombayo.

Chimene chimatsala nsomba ikabwerera m'madzi ndi umboni wa pakamwa, ndipo pa nkhani imeneyi asodzi a walleye ali ndi mbiri yaitali. Walleye yaikulu koposa yolembedwa m'mabuku ndi ya mapaundi 25, kapena makilogalamu 11.3, imene Mabry Harper anagwira mu 1960 m'nyanja ya Old Hickory ku Tennessee, koma patapita zaka anthu okayika anayamba kuyeza zala za mwini wake pa chithunzi kuti aone ngati nsombayo inalidi yotalika chomwecho. Mu Seputembala 2022, pa mpikisano wina ku Cleveland, woyang'anira anang'amba mimba za walleye za amuna awiri amene ankatsogola, n'kupezamo mipira ya mtovu pamodzi ndi minofu ya nsomba zina, ndipo chaka chotsatira khoti linawalamula kukhala m'ndende masiku 10 ndi kulandidwa boti. Poyerekeza ndi amenewa wofufuza ndi munthu wachilungamo, pakuti iye anangotambasula manja kuti nsomba iyandikire kamera, njira imene siiphwanya lamulo lililonse, ngakhale kuti nsombayo inafika makilogalamu 6 pa khomo la tchalitchi tsiku lotsatira, ndipo pofika pa gulu la WhatsApp la abale inali ya makilogalamu 8.

Yankho lochokera kumudzi linabwera ngati uthenga wa mawu wa mphindi 7 wochokera kwa malume ake, amene sanachite chidwi ndi makilogalamu. "Iwe mphwanga," anatero malumewo, "ndiwo zafika m'manja, iwe n'kuziponya m'madzi, ukuti zikabereke? Ngati kumeneko zinthu zachuluka choncho, denga la kuno likudontha." Mayi a kunyumba nawonso anachita kafukufuku wawo, wa pa pepala, mmene anaphatikizamo chiphaso, petulo, chitsulo, ma clown asanu ndi mankhwala a chimfine, ndipo atagawa ndi chiwerengero cha nsomba zimene zinafika kukhitchini anapeza kuti masamuwo sangatheke. "Bambo, sambani m'manja," anatero pomaliza, akuika patebulo nsima ndi usipa wouma umene mlendo wina anabwera nawo m'sutikesi kuchokera ku Lilongwe, ndipo wofufuza anaudya mwakachetechete, akuuchotsa mitu mwaluso limene palibe msodzi wa ku Michigan angalifike. Mkulu wa boti waitananso Loweruka likudzali, ndipo wanena kuti ulendo uno wofufuza asavutike kugula nyambo, angobwera ndi khofi, ndipo adzakhale pa mpando wa pakati, miyendo atayikweza m'mwamba.