Mbewa yamanyazi pamphasa ya jiu-jitsu

Akuluakulu ponena kuti mbewa yamanyazi idafera kuuna sankadziwa kuti kudzabwera anthu olipira ndalama mwezi ndi mwezi kuti anzawo aziwakanyanga pakhosi. Koma mwambiwu ukanalembedwa pakhomo la holo iliyonse ya judo ndi jiu-jitsu, madokotala a mafupa bwenzi akupumako Loweruka.

Masewera ogwirana ndi kugwetsanawa ali ndi potulukira pamene ankhonya alibe. Mnzanu akakupindani mkono kapena kukufinyani khosi, mumangomugogoda kawiri katatu ndi chikhatho, iye n'kukusiyani pomwepo. Manja akapanikizika mumamenyetsa phazi pansi, mapazi akagwidwanso mumakuwa. Basi, mwadzuka, mwayambiranso. Una umenewu ndi wotsegula, ndipo kunja kulibe mnyamata wa khasu amene akukudikirani.

Komabe wophunzira watsopano amasankha kukhala muutsi. Makamaka bambo wadzitho, uja amene minibasi ikazima anthu onse amayang'ana iye. Maso atong'oka, mitsempha ya pamphumi yaima, koma kugogoda ayi, chifukwa womugwirayo ndi mtsikana amene iye angathe kumunyamula ndi dzanja limodzi. Tsoka lake khosi silidziwa kuti kwanu amakulemekezani. Mitsempha iwiri ya m'mbali mwa khosi, yopititsa magazi ku ubongo, ikafinyidwa bwino, pamasekondi ngati 10 mwagona tulo tosapempha. Mudzatsitsimuka anthu atakuzungulirani, inu n'kumafunsa ngati mwapambana.

Manyaziwa ali ndi makolo ake, ena otchuka ndithu. Mu Okutobala 1951, m'bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro, Hélio Gracie adalimbana ndi katswiri wa judo wa ku Japan, Masahiko Kimura. Kimura adadzasimba kuti a ku Brazil adabweretsa ndi bokosi lamaliro lomwe, ati lake iyeyo. M'chigawo chachiwiri Kimura adagwira mkono wa Hélio n'kuyamba kuupotokolera kumbuyo. Hélio osagogoda. Mkono udathyoka, iye osagogodabe, mpaka mkulu wake Carlos adaponya thaulo. Nkhaniyi amaisimba ngati ya kulimba mtima, ndipo sindikutsutsa, koma taonani amene adapindula: kagwiridwe kameneko lero dziko lonse likukatcha kimura, dzina la wothyola, osati la wothyoledwa. Mu 2000 Kazushi Sakuraba adagwira Renzo Gracie mwa njira yomweyo, nayenso adakana kugogoda, chigongono n'kuguluka. Banja limodzi, mikono iwiri. Iwowo n'kuti akulimbirana dzina la banja pamaso pa khamu. Inu mukulimbirana chiyani Lachiwiri madzulo, owonerera ali awiri, wina akuseweretsa foni? Mawa kuli ntchito, ndipo nsima ya dzanja lamanzere siikoma.

Chimene watsopano sadziwa n'chakuti wa lamba wakuda uja amamuopa adagogodapo kuposa wina aliyense m'holomo. Mu jiu-jitsu ya ku Brazil lambayo amatenga zaka ngati 10, ndipo zaka zoyambazo munthu amazithera pansi pa anzake. Wokana kugogoda safika kutali, amakhala kunyumba miyezi itatu ndi pulasitala, akuonera ena pa YouTube.

Mbewa ina ndi yochita manyazi ndi kugwa. Jigoro Kano, amene adayambitsa judo ku Tokyo mu 1882, adasiya mwambo woti munthu aziyamba waphunzira kugwa asanaphunzire kugwetsa. Amakutcha ukemi. Chibwano chigunde pachifuwa kuti mutu usamenye pansi, msana ukhale wopindika, mkono umenye mphasa motambasuka. Watsopano amaona ngati akumuchedwetsa: wabwera kudzaphunzira kugwetsa akuba, akumuuza kuti azigubuduka. Ndiye tsiku lomugwetsa zenizeni amatsogoza chikhatho kuti adzitchinjirize, thupi lonse n'kutsamira pa kamfundo kamodzi ka padzanja, ndipo kamfundoko kamayankha mokweza.

Palinso yosafunsa. Mphunzitsi waonetsa kanayi, wafunsa ngati zamveka, aliyense wagwedeza mutu, kenako awiri ali pakona apiringizana mwakuti sakudziwanso kuti mwendo uwu ndi wa ndani. Funsani, achimwene. Ndipo mukapanikizidwa pansi pumani mpweya, zigongono zikhale pafupi ndi nthiti. Wokankha ndi mikono yowongoka ndiye kuti akugawa mikonoyo ulele. Mphamvu zonse zija mwabwera nazo zimatha pamphindi imodzi, zotsalazo mnzanu amangokukhalirani akuganiza za ndiwo zamadzulo.

Tisanamizire akuluakulu, sadanene kuti manyazi onse ndi oipa. Alipo oyenera kuwasunga, ndipo n'zodabwitsa kuti amene ali ndi manyazi ogogoda ndi amene alibiretu awa. Zikhadabo wengani musanabwere, zakumapazi zomwe. Chovala chija amati gi chichapidwe tsiku lililonse mwachigwiritsa ntchito, osati kuchisiya m'chikwama mpaka Lachinayi kuti chidzichape chokha. Popita kuchimbudzi valani masilipasi, chifukwa pamene mupondetse phazilo ndi pamene tsaya la mnzanu ligone. Mukaona kabwalo koyabwa pakhungu, chimenecho chikhoza kukhala chipere, chimayenda pamphasa mofulumira kuposa inu. Khalani kunyumba, pakani mankhwala. Ndipo mnzanu akagogoda msiyeni nthawi yomweyo, musati mumalizitse kaye kuti muone ngati zimathekadi. Pakapita mphindi zisanu mkono umene udzakhale m'manja mwake ndi wanu, ndipo katswiri wa lamba wofiirira uja wakhala chete pakona waona zonse, akumanganso lamba wake kuti akupempheni gule wotsatira.