Kamera Yodziwa Angongole

Kuno kwathu dzina langa lenileni linatha kalekale. Kuyambira pa Nsaru mpaka kwa Kabudula, mukafunsa za ine ana amangoti, "Mukunena a Kamera?" Ngakhale apongozi anga akamandinena kuseri kwa nkhokwe amati a Kamera. Ndajambula maukwati, zinkhoswe, ziliza, makwaya, ana olandira Ukaristia woyamba ku Nambuma, ndi mbuzi imodzi imene mwini wake ankafuna umboni kubwalo la amfumu. Pa zaka zonsezi ntchitoyi yandipatsa njinga yakapalasa, chipewa chimodzi, ndi katoni yodzaza zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga.

Sabata yatha kunabwera mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira ntchito zamanja ku Namitete Technical College. Mnyamatayu foni sichoka m'manja, ngakhale pa nsima. Anayang'ana kamera yanga, imene dzina la kampani linafufutika ndi thukuta, n'kupukusa mutu ngati waona maliro a mlendo.

"Malume, kunjaku makamera anafika patali. A Canon, a Nikon ndi a Sony akupikisana usana ndi usiku. Anthu ojambula akungotchula zimene akufuna mu kamera ikubwerayo. Inu mukanafunsidwa mukanati chiyani?"

Ine kufunsidwa maganizo sindikana. Kunyumba kuno papita nthawi chindifunsireni.

Poyamba anandiuza zimene zilipo kale. Anati mu November 2023 a Sony analengeza kamera yotchedwa A9 III, yojambula zithunzi 120 pa sekondi imodzi. Ndinamufunsa kawiri. Anati inde malume, 120, musanamalize kuphethira. Mtengo wake madola 6,000, lenzi kugula padera. Mwezi umenewo sindingauiwale, chifukwa ndi womwewo kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti. Ndinathyola kamtengo n'kuyamba masamu padothi. Zinandipatsa K10 miliyoni ndi kenakake pamwamba. Fodya atayenda pa madola awiri pa kilo ku okushoni ku Kanengo, ndiye kuti mabelo 30 a makilo 100, tisanachotse za galimoto ndi ngongole ya feteleza. Ine chaka chimene ndinalimako fodya ndinamanga mabelo awiri, ndipo lachiwiri linabwerera chifukwa ndinaliwaza madzi kuti lilemereko.

Koma tiyerekeze kuti ndalamazo ndazitola. Zithunzi 120 pa sekondi ndikatani nazo? Kuno ndikadina kamodzi ndiye kuti ndabala ngongole imodzi. Makina obala ngongole 120 pa sekondi angandisiye ndi malaya okha pasanathe Loweruka limodzi.

Ndiye akuluakulu a ku Tokyo, poti makampani atatu onsewa likulu lawo lili komweko, imvani za munthu amene kamera amaimangira pakaliyala ndi mphira.

Tiyambe ndi fumbi. Ubwino wa makamera amtunduwu ndi woti diso lake limagulula. Ukafuna khamu lonse la kuchikazi lilowe, umaikapo lenzi yotambasula. Ukafuna misozi ya mkwatibwi uli kuseri kwa tenti, umaikapo yaitali yokoka. Koma ukangogulula, mimba ya kamera imakhala poyera, ndipo m'katimo muli kagalasi kotchedwa sensa kamene kanalowa m'malo mwa filimu. Kafumbi kamodzi kakaterapo kamatuluka pachithunzi chilichonse, pamalo amodzimodziwo, mpaka utakachotsa.

Izi ndinaziphunzira pa ukwati wina cha ku Mpingu, mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo. Perekaniperekani atafika pachimake, azimayi a kuchimuna akuvina ndi mabeseni, ine ndinaganiza zosintha lenzi kuti anthu aone kuti wojambulayu ali ndi zipangizo. Chifukwa china panalibe. Nditangogulula, kamvuluvulu anadutsa pakati pa bwalo, n'kunyamula mapepala a masiwiti, ma K50 angapo ndi theka la munda wa munthu. Ndinapukuta kumaso, n'kubwezera lenzi, ntchito n'kupitirira.

Zithunzi zitatsukidwa ku Lilongwe, chilichonse chinali ndi kadontho kakuda pa velo ya mkwatibwi. Akudula keke, kadontho. Akugwadira apongozi, kadontho. Poti ine mkwatibwi ndimamuika mbali imodzimodzi nthawi zonse, kanaoneka ngati kakumulondola. Azakhali ake atayala zithunzi pamphasa anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ine ndinanena. Ukwati uwu alipo waukhwimira." Ankhoswe anaitanizana. Mayina a anthu anayamba kutchulidwa monong'ona. Ine ndinali pomwepo, ndikudziwa bwinobwino kuti mfitiyo ndi dothi la ku Mpingu, koma ndinangoti, "Zoonadi, dziko laipa." Mfiti sabweza ndalama, wojambula amabweza. Chilungamo chinandigwira patapita masiku atatu, tulo titakana, ndipo ndinakaulula kwa ankhoswe. Anandilipiritsa nkhuku.

Mnyamata uja akuti Nikon Z9, imene inatuluka mu 2021, ili ndi kachitseko kamene kamatseka sensa ukathimitsa kamera. Zikomo kwambiri. Koma musanaitulutse ikubwerayo, mubwere nayo kuno mudzaiyese kumbuyo kwa lole ya fodya m'njira zolowa m'midzi ya kwa Kabudula. Ikapulumuka pamenepo, mugulitse dziko lonse.

Chachiwiri ndi khungu lathu, ndipo apa ndiseka pang'ono chabe. Kamera ikamayeza kuwala imafuna kuti zonse zikhale pakatikati, osati mbee, osati bii. Ndiye muimike mkwatibwi wovala zoyera pambali pa mkwati wa suti yakuda, 12 koloko masana, pabwalo la tchalitchi. Ikatsata diresi, mkwati amatsala mano ndi maso. Ikatsata mkwati, mkwatibwi amasanduka mtambo. Vutoli ndi lakale. Nthawi ya filimu, a Kodak ankatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi nkhope ya mayi wachizungu, lotchedwa Shirley, kuti azilinganizira mitundu. Ife m'masamuwo munalibe. Akuti amene anadandaula mpaka kumveka anali ogulitsa chokoleti ndi mipando yamatabwa, poti katundu wawo sankaoneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Ndiye kuti tebulo anatiyankhulira.

Amene anazindikira msanga ndi a Transsion a ku China, eni ake a mafoni a Tecno ndi Itel, amene anakonza makamera a m'mafoni awo kuti azitulutsa bwino nkhope zakuda. Zotsatira zake ndi zimene zikundisowetsa mtendere lero. Ndimafika pachinkhoswe ndi chikwama cholemera ngati cha dokotala wa ziweto, n'kupeza kamtsikana ka Fomu 2 kajambula kale kusinthana kwa tambala ndi msoti, katumiza pa WhatsApp, ndipo achibale a ku Johannesburg ayankha kale kuti mwana wanenepa. Ine ndikadali kufunafuna chivindikiro cha lenzi. Kamera ya K10 miliyoni iyenera kuonetsa maluwa a pa velo ndi thukuta la pamphumi pa mkwati nthawi imodzi, apo ayi kamtsikanako kandilanda ntchito kotheratu.

Za batire sinditaya nthawi. Ndimatchaja kwa ometa pa sola, pamzere umodzi ndi mafoni 40, ndipo tsiku lina ndinapeza batire langa alichotsa kuti atchajire sipika. Mupange yoti izitchajika ndi dayinamo ya njinga. Kuchoka pa Nsaru kukafika ku Nambuma miyendo yanga imatulutsa magetsi okwanira mudzi.

Chimene chinandisokoneza mutu ndi nkhani yoti makamera amakono amazindikira okha chimene akujambula. Z9 yomweyo akuti imadziwa zinthu zisanu ndi zinayi: munthu, galu, mphaka, mbalame, galimoto, njinga yamoto, njinga yakapalasa, sitima ndi ndege. Pa njinga ndawayamika, akabaza aganiziridwa. Koma mphaka? Ndani kuno analipirapo chithunzi cha mphaka? Mbuzi mulibe, ngolo mulibe, ng'ombe mulibe. Munthu akagulitsa soya n'kugula ng'ombe ziwiri zapagoli, chithunzi choyamba amafuna ataima pakati pawo dzanja lili panyanga. Chithunzi chimenecho ndiye chimalipiridwa tsiku lomwelo.

A Canon nawo mu 2021 anatulutsa R3, imene imaona kumene diso la wojambula layang'ana n'kulunjika pomwepo. Imeneyo ayi, ndakana. Diso langa ndimalidziwa. Pa ukwati limakhala kumapoto, kuwerenga nthuli za mbuzi ndi kuona ngati thobwa lifike kwa ife antchito. Banja lingalandire zithunzi 200 za chiwaya chooneka bwino, akwati ali mbuu kumbuyo. Mayi a kunyumba nditawafotokozera anati, "Zikanakhala za mapoto zokha bwenzi zili bwino." Sindinafunse kuti akutanthauzanji.

Palinso ichi. Makamera apamwamba masiku ano akujambula mwakachetechete. Z9 ilibe n'komwe chitseko china chija chimalira kuti khetche pojambula, moti phokosolo amachita kuikamo la m'sipika. Kwa ojambula mbalame mwina n'zabwino. Kuno munthu sakhulupirira kuti wajambulidwa asanamve khetche ndi kuona kung'anima. Agogo ena pa chiliza cha amuna awo anandikaniza ndalama chithunzi chili m'manja mwawo, akudziona okha, ati, "Mphezi ija sinang'anime, mwana wanga. Ichi mwachita kujambula ndi pensulo." Ndiye ikubwerayo ilire ngati mfuti yagogodela, amve ndi amene ali kumanda.

Tsopano ndifike pa chenicheni. Zonsezi mutha kuzisiya, koma ichi chokha mundiikire. Ngati kamera ikutha kusiyanitsa galu ndi mphaka, singalephere kusiyanitsa wolipira ndi wangongole. Ndikufuna kamera yosunga nkhope. Munthu akaima kutsogolo kwake, wakonza kolala, phazi limodzi waika pamwala, iyo iyambe yayang'ana m'kaundula. Ikapeza kuti anajambulitsa kale osatenga, batani liume gwaa, ndipo sipika ilengeze pagulu: "Bambo awa sanalipire za chiliza cha 2019."

Mukaona katoni ili pansi pa bedi langa mumvetsa. Muli anyamata ogwira mawailesi obwereka. Muli kwaya yonse ya anthu 32, amene aliyense ananena kuti msungichuma ndiye alipire, msungichumayo n'kusamukira ku Mchinji. Muli zithunzi za maukwati amene anatha ine ndisanalandire ndalama, moti ndikapita kwa mwamuna amati kafunseni mkaziyo, ndikapita kwa mkazi amati nkhope imeneyo asaionenso pakhomo pake. Poitana amati, "A Kamera, tajambulani kuno!" mokweza, anthu amve. Pobweretsa chithunzi mawu amatsika: "Mubwere tikagulitsa mtedza." Mtedza wagulitsidwa kasanu.

Mnyamata uja anandiuzanso kuti kamera yoyamba ya dijito anaipanga Steven Sasson ku Kodak mu 1975. Inkalemera makilo oposa atatu ndi theka, chithunzi chake chakuda ndi choyera, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Iye ankanena moseka. Ine ndinaona nzeru. Masekondi 23 ndi nthawi yokwanira kutambasula dzanja n'kunena kuti, "Pamene tikudikira, tayambani mwaperekako theka." Bambo ameneyu anayamba bwino, anzake ndiwo anaononga ndi liwiro.

Maganizo onsewa ndinawayala madzulo pakhonde, mnyamata akulemba pafoni, ine ndikuyendayenda manja kumbuyo ngati phungu. Mayi a kunyumba anali chapafupi akusenda mtedza. Anandisiya mpaka ndimalize.

"Abambo, kamera yodziwa angongoleyo iziyang'ana kutsogolo kokha?"

Ndinati nanga iyang'anenso kuti.

"Poti kumbuyo kwake kumakhalanso nkhope. Muli nayoyi anakubweretserani achimwene anga kuchokera ku Joni. Munapereka theka, lina munati mukagulitsa mtedza. Chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi. Mukangoiika pamaso, sipikayo iyambira inu."

Mnyamata anafunsa ngati alembenso zimenezo. Ndinamuuza kuti foni yake yatsala pang'ono kuthima, asunge moto. Kenako ndinamupempha kuti pamfundo ya sipika awonjezere mawu ochepa, oti pakhale kabatani kochepetsera mawu, ndipo kakhale mbali ya wojambula.

Alamu anga atumiza uthenga kuti akubwera mu December, ndipo afunsa ngati mtedza unachita bwino chaka chino. Ndiye inu nonse amene munaima patsogolo panga kuyambira ku Namitete mpaka ku Nambuma, mundipeza pa Nsaru tsiku la msika, pafupi ndi okonza njinga, katoni ili pakaliyala. Bwerani ndi ndalama, mudzatenge nkhope zanu. Chiswe chayamba kale kudya kwaya ija, chayambira mzere wa mabesi.