Safunsa anadya phula, nanga wofunsa anamwa chiyani?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sanatiuze zimene anamwa mnzake wofunsa uja. Ku Athens, m'chaka cha 399 Yesu asanabadwe, wofunsa wina dzina lake Socrates anamwa chiphe.

Socrates analibe kalasi, sankalipiritsa fizi, ndipo sanalembe buku n'limodzi lomwe. Ntchito yake inali kuzungulira pamsika n'kumakola anthu ndi mafunso. Akakumana ndi mkulu wa asilikali ankamufunsa kuti kulimba mtima n'chiyani. Mkuluyo akayankha, funso lina. Akayankhanso, linanso, mpaka munthu woti wamenya nkhondo zambirimbiri n'kuvomera kuti sakudziwa. Anyamata ankasangalala nazo. Akuluakulu sanaseke: anamuzenga mlandu wosocheretsa achinyamata ndi wosalemekeza milungu ya mzindawo, nkhalamba ya zaka 70.

Ku China, Confucius wa m'dziko la Lu, amene anabadwa mu 551 Yesu asanabadwe, nayenso anali mfunsi. Atalowa m'kachisi wamkulu anafunsa za chilichonse, wina mpaka kumunyoza kuti katswiri wa mwambo wanji wofunsa chonchi. Iye anati kufunsako ndiwo mwambowo. Koma taonani kusiyana kwake. Socrates ankafunsa kuti aone ngati mkulu akudziwadi. Confucius ankafunsa kuti adziwe poima ndi pogwada. Kwa iye khalidwe limayambira pa kulemekeza makolo, ndipo ankaphunzitsa aliyense wobwera ndi kamtolo ka nyama yofutsa, fizi yoti makolo ambiri lero angaivinire. Anamwalira yekha mwamtendere atapitirira zaka 70. Mayeso olowera ntchito za boma ozikidwa pa chiphunzitso chake anatha mu 1905.

Zidzukulu za awiriwa timakhala nazo pamsonkhano uliwonse. Nthawi yakwana 5 koloko, matumbo akulira, bwana akutseka faelo n'kunena kuti, "Pali funso?" Aliyense akudziwa kuti limeneli si funso, ndi kutsanzika. Mdzukulu wa Confucius amakweza mkono mwaulemu: "Pepani bwana, alawansi tisainira kuti?" Holo yonse imamudalitsa. Kenaka wa Socrates amadzuka: "Bwana, mwatchula chitukuko kakhumi. Kodi chitukuko n'chiyani?"

Funso lofunikadi ndi lachiwirili, ine sindikana. Ndilo lingapulumutse ndalama za polojekiti. Kungoti mwezi wotsatira mwini funsoyo mumamva kuti amusamutsira ku ofesi ya kutali, kopanda netiweki.

Choncho inu ofuna kufunsa ngati Socrates, yambani mwasainira alawansi.