Maso a Nkhono ndi Ludzu la Galimoto

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Timaso take tili kunsonga kwa nyanga, ndipo munthu akangoikhudza imabweza zonse m'chigoba n'kukhala ngati mwala. Galimoto nayonso ili ndi chinthu chimene imabisira aphuma, ndicho kuchuluka kwa mafuta amene imamwa. Ku Chalimbana, m'boma la Chongwe, komwe akhala akusula aphunzitsi kuyambira mu 1939 ndipo lero kuli yunivesite, odziwa masamu ndi ambiri ndithu. Koma masamuwo ali ndi chizolowezi chotsalira m'kalasi mwini wake akapita kukamwetsa galimoto.

Mboni yoyamba imene ambiri amaidalira ndi muyeso wa ndalama. Mwini motoka akafunsidwa mmene imamwera, amagunda pabonati n'kunena kuti: "Iyi? Ya K200 ndimafika nayo m'tauni n'kubwerako, singano osasuntha." Vuto la muyeso umenewu n'lakuti mu 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kuunika mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, motero K200 ya mwezi uno siigula malita ofanana ndi K200 ya mwezi watha. Kuyeza ludzu la injini ndi makwacha kuli ngati kuyeza munda ndi chingwe cha mphira: m'mawa munda ndi waukulu, masana dzuwa likatentha wachepa. Injini siidziwa Kwacha. Imadziwa lita basi.

Mboni yachiwiri imene anthu amaikhulupirira ndi singano ya pageji, ndipo imeneyi ndi mboni yoti bwalo la mfumu silingailandire. M'thanki muli kachinthu koyandama pamwamba pa mafuta, ndipo ndi kameneka kamauza singano poti iloze. Thanki yeniyeniyo si chidebe chowongoka ayi, ndi yopindikapindika kuti ikwane pansi pa mipando, ndiye theka la pageji silikhala theka lenileni la mafuta. N'chifukwa chake thanki ikadzaza singano imakakamira pa F ngati mlendo amene wamva fungo la nkhuku kukhitchini, koma ikangodutsa pakati imatsika ngati dzuwa la mu June. Galimoto ikaima pachitsetse singano imanena zina, pachikweza zinanso. Alipo madalaivala amene amaimika dala galimoto mopendekeka kuti mtima ukhale pansi.

Mboni yachitatu ndi manambala amene amabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, kwawo kwa ma Corolla, ma Vitz ndi ma Allion amene adzaza msewu wa Great East. Manambala amenewo si abodza, koma anayezedwa galimoto ili yatsopano, m'nyumba yoyeseramo, matayala akuzungulira pamakina, motsata ndondomeko monga ya JC08. M'nyumba imeneyo munalibe mahampu, munalibe fumbi la mu October, munalibenso apongozi atatu kumpando wakumbuyo ndi matumba awiri a chimanga m'buti.

Njira yoona ndi yosavuta, kungoti imafuna mtima wa munthu wodikira nkhono. Mwini galimoto amadzaza thanki mpaka pampu itadzidula yokha, n'kulemba nambala ya makilomita imene ili padashibodi, kapena kubweza kamita ka trip pa ziro. Kenako amayenda maulendo ake a masiku onse, osasintha khalidwe ngati mwana wasukulu amene waona ahedi. Mafuta akatsika amabwerera pomwe anamwetsa paja, makamaka papampu yomweyo, n'kudzazanso mpaka idzidule. Malita amene alowa ulendo wachiwiriwu ndiwo amene galimoto yamwa. Chatsala n'kugawa makilomita ndi malita. Galimoto imene yayenda makilomita 420 n'kulandira malita 35 ndiye kuti ikuyenda makilomita 12 pa lita imodzi.

Pomwe pamavuta ndi pa mawu akuti kudzaza. Mnyamata wapapampu akafunsa kuti, "Abwana, ya zingati?" yankho lakuti "Dzazani" limatuluka movutikira kwambiri pakamwa pa munthu wodikira malipiro a pamwezi. Ambiri thanki yodzaza anaiona komaliza tsiku limene anagula galimotoyo, ngati anaiona n'komwe. Amene sangathe kudzaza ali ndi njira ina yotalikirapo: kulemba m'kabuku malita onse a pa malisiti kwa miyezi iwiri kapena itatu, kuyambira tsiku limene getsi la mafuta layaka mpaka tsiku lina limene layakanso, n'kugawa makilomita onse ndi malita onse. Kuyeza kamodzi kokha sikukwanira m'njira zonse ziwiri, pakuti pampu ina imadula msanga, ina mochedwa. Kugwedeza galimoto kuti mulowe ena, monga amachitira ena a minibasi, kumangosokoneza masamu ndi kutayitsa petulo pansi.

Mayiko ena amatembenuza muyesowu n'kumanena malita pa makilomita 100. Kwa munthu wa ku Chalimbana muyeso umenewu uli ngati anaupangira iyeyo, chifukwa kupita ku Lusaka ndi pafupifupi makilomita 50, ndiye kupita ndi kubwera ndi pafupifupi 100. Galimoto ija ya makilomita 12 pa lita imamwa malita 8.3 pa ulendo wotere. Lita itakhala pa K30, ulendowo ndi K250 ya mafuta okha, osawerengera ya patolo geti ya Chongwe ndi ya chinangwa chootcha panjira. Galimoto yochokera ku Britain imatha kuonetsa mamailosi pa galoni, ndipo apa m'pofunika kusamala, poti galoni ya ku Britain ndi malita 4.55 pamene ya ku America ndi malita 3.79. Anthu awiri akhoza kukangana usiku wonse pa nkhani ya magaloni, onse akunena zoona.

Nambala ikadziwika, mwambi uja umasamuka m'kabuku n'kupita kuphazi. Mphepo imene galimoto imalimbana nayo siikula molingana ndi liwiro, imakula moposa. Wothamanga makilomita 120 pa ola amakankha mphepo yamphamvu kuposa kawiri poyerekeza ndi wa 80, ndipo pamtunda wa makilomita 50 amapindula mphindi 12 ndi theka zokha, ngati msewu uli wopanda lole, ng'ombe kapena apolisi, zimene sizichitikachitika. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amamwa pang'ono akamayenda mofatsa m'giya yapamwamba, pakati pa 60 ndi 90. Dalaivala amene amaponda moto kuchoka pahampu ina n'kuponda mabuleki pahampu yotsatira amagula mafuta kuti awasandutse kutentha kwa mabuleki. Katundu wapadenga, kaya ndi matumba a makala kaya matiresi a mwana wopita ku koleji, amasandutsa Corolla kukhala khoma loyenda. Matayala ochepa mpweya amakoka ngati ngolo m'matope, mapulagi otha amawotcha mafuta mwatheka, ndipo injini yozizira imamwa kwambiri pamakilomita oyamba. Motero mphunzitsi amene amaliza galimoto kuchoka kunyumba kupita kukalasi, mtunda woti nkhuku imayenda yapansi, ndiye amakhala ndi nambala yoipa kuposa onse pamalopo.

Pali luso lina lotchuka limene kabuku kamalitsutsa, lochotsa giya pachitsetse kuti galimoto izidziyendera. Injini zambiri zamakono zimadula zokha mafuta dalaivala akachotsa phazi galimoto ili m'giya, pamene ikakhala pa nyutulo imafunika mafuta kuti isazime. Amene amazimitsiratu injini amapulumutsa madontho angapo n'kulimbitsa mabuleki ndi chiwongolero pa nthawi imene akuzifuna kwambiri.

Komabe mwambiwu uli ndi malire, pakuti akuluakulu anati nkhono tiidikire, sananene kuti tisanduke nkhono. Galimoto yochoka ku Chalimbana m'mawa imayenda bwino mpaka kudutsa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Ikafika ku Chelstone n'kumalowera ku Munali, Arcades ndi Manda Hill, imalowa mumzere wa nkhono zinzake. Pamenepo injini ikulira, zoziziritsa mpweya zikugwira ntchito, ogulitsa tokutaimu akuidutsa wapansi, ndipo galimoto yoima imayenda makilomita ziro pa lita, kaya ndi Vitz kaya ndi Land Cruiser. Makilomita 15 omalizawa amatha kuwononga mbiri yonse yabwino imene galimoto inapanga kuchokera ku Chongwe. Wonyamuka tambala woyamba atangolira amapulumutsa mafuta ambiri kuposa wogula timabotolo ta mankhwala othira m'thanki.

Nambala ikatsika mwadzidzidzi, mwachitsanzo kuchoka pa 12 kufika pa 9 maulendo ali omwewo, anthu amathamangira kunena kuti pampu ikuba. Nthawi zina zimatheka, ndipo n'chifukwa chake bungwe la Zambia Metrology Agency limayendera mapampu n'kumatapo chizindikiro chake. Koma kawirikawiri wakuba amakhala pafupi: buleki yogwira, paipi yodontha, tayala lophwa, kapena mphwake wa mwini galimoto amene amaitenga madzulo ponena kuti akukaitsuka ku mtsinje wa Chalimbana, n'kukaitsukira ku Chongwe. Mphwakeyo mafuta akhoza kuwakana, koma makilomita 30 owonjezera amakhala atalembedwa kale padashibodi.