Tiombere m'manja chinkhupule chakuda

Aliyense wolowa m'nyumba mmene muli thanki yagalasi ya nsomba amathamangira kutamanda nsombazo. Taonani yachikasu iyi, nanga yamizeremizere iyo! Palibe amene amasuzumira kuseri, kumene sefa imalira usiku wonse, kuti apereke moni kwa eni mudzi enieni: chinkhupule choterera, chodzaza matope, chimene munthu waukhondo sangachigwire ndi manja. Lero ndi tsiku lawo. A Chinkhupule, landirani ulemu wanu.

Nsomba, tinene zoona, ilibe mwambo. Imadyera m'madzi, kudzithandiza m'madzi momwemo, ndipo ngakhale popuma imatulutsa amoniya. M'nyanja zimenezi si nkhani. Koma m'thanki ya malita 100 amoniyayo amaunjikana n'kuyamba kuwotcha ziwalo zimene nsomba imapumira. Apa m'pamene a Chinkhupule amaonetsera ukulu wawo, pakuti m'timabowo tawo mumakhala mabakiteriya osawerengeka amene chakudya chawo n'chomwechi. Gulu loyamba, la Nitrosomonas ndi abale ake, limasandutsa amoniya kukhala nitrite. Musafulumire kululuta: nitrite nayenso ndi poizoni, amalowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula okosijeni, moti nsomba imabanika pamene mpweya uli mbwee m'madzimo. Gulu lachiwiri ndi limene limamaliza mlandu posandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimamupirira bola mwini thanki azichotsako madzi ena mlungu uliwonse n'kuthiramo atsopano.

Antchito amenewa salandira malipiro, sapita kutchuthi, ndipo ngakhale dzina lawo linabedwa. Sergei Winogradsky anasonyeza cha m'ma 1890 kuti ntchitoyi imagwiridwa ndi mabakiteriya, koma kwa zaka zambiri mabuku a oweta nsomba ankapereka ulemu wa gawo lachiwiri kwa Nitrobacter. Mu 1998 m'pamene Timothy Hovanec ndi anzake anapeza kuti m'mathanki a madzi opanda mchere wokhetsa thukuta kwenikweni ndi Nitrospira. Zaka zonsezo anangokhala duu, kumagwira ntchito wina akudyerera. Mundipezere munthu wa mtima wotere.

Akuluakulu sathamangitsidwa. Chinkhupule chatsopano, choyera bwino chochokera kusitolo, n'chachabechabe. Pamafunika milungu 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya akhazikikemo. Pa nthawi yonseyi mwini thanki amaphunzira kudzichepetsa kumene sakanakupeza kwina kulikonse. Wagula galasi, mchenga, miyala, nyale ndi chotenthetsera madzi, ndalama zapita, ndiye tsiku ndi tsiku akudyetsa madzi opanda nsomba: kuponyamo chakudya pang'ono kuti chiwole, kapena kudonthezeramo amoniya. Alamu ake akabwera amayang'ana thankiyo mbali zonse, kenako n'kufunsa motsitsa mawu, “Kodi alamu, nsombazo zabisala kuti?” Iye amatulutsa timabotolo toyezera madzi n'kuwaonetsa monyadira kuti kamadzi ka buluu kasanduka ka pepo, kutanthauza kuti nitrite wafika. Poizoni wachiwiri wabwera, ndiye munthu n'kumasangalala! Madzi amachita mbuu kwa masiku angapo, ndere zofiirira zimamera pagalasi, ndipo mabanja ena amayamba kunong'onezana za mutu wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene amoniya wothiridwa dzulo wapezeka pa 0, nitrite pa 0, nitrate akukwera, ndiye kuti eni mudzi alola kuti alendo alowe, ochepa kaye. Wosadikira, wogula thanki ndi nsomba tsiku limodzi, amakhala ndi maliro mlungu usanathe, n'kumanamizira wogulitsa.

Ngakhale mbuna zathu, zimene azungu a ku Germany ndi ku America amaziunjikira miyala m'zipinda zawo zochezera kuti zizimva ngati zili ku Cape Maclear, zimagwada pamaso pa a Chinkhupule. Kwawo n'kotchuka, malo ake ali pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 1984, koma kutchukako sikuzipulumutsa m'galasi. Zimafuna madzi a pH yokwera ngati a kunyanja kwathu, ndipo m'madzi otero amoniya amakhala waukali kwambiri. Komanso n'zandewu, moti oweta amaziika zambiri pamodzi kuti mkwiyo wa yamphongo yolusa usathere pa imodzi. Nsomba zambiri, zonyansa zambiri. Onse amajambula mbuna; wosenza katundu yense ali kuseri, mumdima.

Mdani wamkulu wa a Chinkhupule ndi ukhondo. Wachibale wachifundo akaona mmene adera, amawatenga kupita nawo pampopi, kuwachapa ndi sopo mpaka ayere, n'kukuuzani mwachimwemwe kuti wakuthandizani. Klorini wa m'madzi apampopi anaikidwamo kuti aphe mabakiteriya, ndipo safunsa kuti abwino ndi ati. Milungu 6 yathera m'ngalande. Kusamba kwa a Chinkhupule n'kofinyidwa pang'ono m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo, basi. Mdani wina ndi kuzima kwa magetsi, poti mabakiteriyawa amapuma okosijeni wobwera ndi madzi oyenda; sefa ikaima maola ambiri amayamba kufooka. Mwini thanki wanzeru amadzuka pakati pa usiku kumatunga madzi ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba, ena ali mtulo.

Ndipo onani kuwolowa manja kwawo. Chidutswa cha chinkhupule chakuda cha m'thanki yakale ya mnzanu, yopanda matenda, chimadula milungu yodikira ija kwambiri, ngati kukapala moto kwa mnansi m'malo mopekesa. Palibe mphatso ina yonyansa imene imalandiridwa ndi manja awiri chonchi. Muchinyamule m'jumbo muli madzi a m'thanki yake, musachedwe panjira, ndipo kondakitala wa minibasi akafunsa chimene chikununkha, mumuuze kuti mwanyamula akuluakulu, awapezere mpando wakutsogolo.