Ndege ya pa Mpamba

Nkhaniyi inabwera ndi aphunzitsi opuma ntchito, aja amawerenga nyuzipepala ngakhale yokulungira usipa. Anati ku Ulaya anthu atopa ndi ndege za mabwana, zomwe munthu amakwera yekha ndi chikwama chake, moti mu 2023 bwalo la ndege la Schiphol ku Amsterdam linalengeza zofuna kuziletsa kutera. Utsi wake, anatero, ndiwo ukusokoneza mvula.

Osewera bawo anaima kaye.

"Nchifukwa chake nyanja inakwera chonchija mu 2024," anatero mkulu wina. "Kumiza malo ogona alendo, ife osaziwona n'komwe ndegezo!"

"Ada, tinali nayo yathu," aphunzitsi anamukumbutsa. "Bingu anagula Falcon mu 2009, pafupifupi madola 22 miliyoni, a ku Britain mpaka anadula thandizo. Amayi Joyce Banda anaigulitsa mu 2013 pa madola 15 miliyoni, nati ndalamazo zigule chimanga."

"Chimangacho chinafika kuno?"

"Inu mumadya kondowole. Mukanachitani nacho?"

Pompo anagwirizana kuti ndege za anthu olemera ziletsedwe pa Mpamba. Amayi ogulitsa nthochi anavomera ali chikhalire. Vuto linali limodzi: pa Mpamba sipanaterepo ndege. Zimene timaona ndi zodutsa m'mwamba, ana n'kumazibayibitsa. Koma lamulo lopanda wolakwa silikoma, ndiye anayamba kufufuza.

Sanavutike. Pali mnyamata wina anabwera kuchokera ku Joni, wa nsapato zoyera zosadziwa fumbi. Iyeyu akafuna kupita ku Mzuzu amalipira Sienta yonse. Yonse! Galimoto imene timakwanamo anthu khumi, dengu la batala, nkhuku ziwiri ndi mwana wa eni pamwendo, iye amakhalamo yekha kutsogolo, chigongono pawindo, mipando yakumbuyo ikupita ku Mzuzu yopanda kanthu ngati ili pa tchuthi.

"Imeneyo ndiye ndege," anagamula mkulu uja. "Mafuta a anthu khumi, matako a munthu mmodzi."

Mlandu unakula. Wina anati mnyamatayo sapereka moni bwino. Wina anati pamaliro anapereka chipepeso atakweza dzanja kuti ndalama ioneke. Za nyengo zinaiwalika; zinakumbukiridwa pokhapokha wa makala atadutsa pa njinga ndi matumba atatu, koma poti ndi mlamu wa mkulu uja, tonse tinayang'ana kumbali.

Ndiye Sienta ija inatulukira, n'kuima pafupi ndi bawo. Windo linatsika pang'onopang'ono.

"Ada, ndikupita ku Mzuzu. Alipo wa ulendo?"

Kunali zii. Aphunzitsi anapinda nyuzipepala yawo bwinobwino, nati ali ndi kankhani ku banki. Mkulu wogamula uja anakumbukira mwadzidzidzi kuti mdzukulu wake ali ku Katoto ndipo sanamuone chaka chino. Amayi a nthochi anasiyira dengu mnzawo, akumanga chitenje ali mkati mothamanga.

Ineyo ndinalibe chochita ku Mzuzu, koma wina anayenera kukaona ndi maso kuipa kwa zinthuzi. Ndinakhala pakati, mpando wonse wanga, miyendo yotambasula koyamba chibadwire. Tisanafike patali pamtunda, mkulu uja anawerama n'kugwira mnyamatayo paphewa.

"Mwana wanga, kamphepo kozizira kaja, takakwezako pang'ono."