Mmene mungamangire nsanjika osataya ndalama pachabe

Bwana, ngati mwaganiza zomanga nyumba yoti anthu azichita kupinda khosi poiyang'ana, musavutike ndi mabuku. Anzanu anakulambulirani kale njira.

Chilolezo chisakuopseni, ndi pepala chabe. Ku Ikoyi, mumzinda wa Lagos, mkulu wa bungwe loyendera zomangamanga la LASBCA ananena kuti nyumba ya pamsewu wa Gerrard inaloledwa nsanjika 15. Eni ake anafika 21. Kumwamba kuli malire ngati?

Mutu weniweni ndi injiniya. Ameneyu amafuna zitsulo zonenepa, simenti yosanyenyerera, ndiye pamwamba pake akuti konkire ayambe waiyeza asanasaine. Akayamba kulemba makalata, musamunyengerere. Kampani ya Prowess Engineering inalemba kalata yosiya ntchito ku Ikoyi mu Febuluwale 2020, koma njerwa sizinasiye kukwera. Ku Seoul, Lee Joon, mwini sitolo ya Sampoong, ndiye anali katswiri. Kontilakitala atakana kusintha mapulani, anamuchotsa n'kupereka ntchitoyo kwa kampani yake yomwe. Zipilala zoyenera masentimita 80 zinaonda mpaka 60, ndipo pamwamba anasanjikapo nsanjika yachisanu. Nanga akuluakulu a boma oyenera kuletsa? Analandira kangachepe. Munthu ali ndi chakudya m'kamwa sangayankhule, n'kupanda ulemu.

Ming'alu ikaoneka, musachite phuma. Khoma nalo limatopa, limafuna kudziwongola. Pa 29 Juni 1995 denga la Sampoong linali litang'ambika kuyambira m'mawa. Mabwana anatseka nsanjika ya pamwamba, n'kuzimitsa makina oziziritsa mpweya, koma sitolo anaisiya yotsekula, poti ogula anali ambiri ndipo ndalama ya tsikulo sikanangotayika chifukwa cha mng'alu. Madzulo nyumba inagwa, n'kupha anthu 502. Lee Joon anakalowa kundende, ndiye muzisungako ndalama ya loya.

Zikavuta chotere boma limakhazikitsa komiti yofufuza, wina n'kuimitsidwa ntchito. Ku Lagos, nyumba ya pamsewu wa Gerrard ija itagwa, anaimitsa mkulu wa LASBCA uja. Inu musade nkhawa, malipoti a makomiti amawerengedwa ndi njenjete.

Chimodzi chokha musatengere kwa Femi Osibona, mwini wa kampani ya Fourscore Homes. Pa 1 Novembala 2021, pamene nyumba yake ya ku Ikoyi ija inkagwa, iye anali pamalopo. Mtembo wake anaufukula m'zigumuka, pamodzi ndi ya anthu ena oposa 40.